Makalata a omvera: four-stroke pamiyala ndi m'matope

Takulandiraninso omvera athu kuno ku Blantyre. Sabata yatha tinasiya funso: pa masewera a njinga zamoto a trials, injini ya four-stroke ikuposa ya two-stroke kapena ayi? Makalata abwera, ndipo ambiri ndi ochokera kwa amakaniko. Kwa inu amene mwangotsegula wailesi, trials si mpikisano wa liwiro. Wokwera amadutsa pamiyala, m'khwawa ndi pazitunda, ndipo oweruza amayang'ana phazi. Ukaponda pansi kamodzi wataya poyinti imodzi, kawiri ziwiri, katatu kapena kuposa apo zitatu, ukagwa zisanu. Wataya zochepa ndiye wapambana. Njinga zake zilibe mpando, zimalemera makilogalamu 70 kapena kupitirira pang'ono, ndipo thanki yake imalowa malita awiri kapena atatu basi.

Kalata yoyamba yachokera ku Chilomoni.

"Bambo muulutsi, ine ndili kumbali ya four-stroke, ndipo chifukwa changa ndi dothi. Taganizirani chitunda cha katondo mvula itangokata, ngati za m'munsi mwa Michiru. Two-stroke ukangoiwonjezera moto tayala limayamba kupala pomwepo. Four-stroke imakoka mofatsa kuyambira pansi, tayala nkumagwira. Koma ili ndi lamulo lake. Lowani giya yachiwiri kapena yachitatu musanafike pachitunda, gwirani moto pamalo amodzi osausinthasintha, ndipo liwiro muzilichepetsa ndi chala chimodzi pa kilatchi. Thupi lilemere pa zopondera, osati pa mahandulo. Potsika ndiye palibenso mpikisano: ukatseka moto injini imadzigwira yokha, buleki yakumbuyo umangoikhudza."

Zikomo achimwene a ku Chilomoni. Kugwira kwa tayala mukunenako kuli ndi gwero lake. Two-stroke imaphulitsa petulo nthawi iliyonse crankshaft (chitsulo chimene pisitoni imazunguza) ikazungulira, pomwe four-stroke imaphulitsa kamodzi pa maulendo awiri. Injini zonse ziwiri zikamazungulira maulendo 1,800 pa mphindi, two-stroke ikumenya ka 30 pa sekondi, four-stroke ka 15. Zili ngati mtondo: wina akusinja yekha, kwina akusinja awiri molandizana. Okwera ambiri amati kampata kali pakati pa kumenyako nkamene kamapatsa tayala nthawi yoti ligwirenso dothi.

Koma mwayamikira kudzigwira kwa injini osatchula kuipa kwake. Pokwera mwala, two-stroke ukaitsekera moto imapitirirabe pang'ono chifukwa cha flywheel, gudumu lolemera la m'injini, ndipo imakufikitsa pamwamba. Four-stroke ukaitsekera moto imakhala ngati waponda buleki. Tayala lakutsogolo limagwa msanga, chitsulo cha pansi pa injini chimakhala pamwala, mwini wake nkulowera ku mahandulo. Wozolowera two-stroke amagwa apa kawirikawiri. Moto usatsekedwe mpaka tayala lakumbuyo litafika pamwamba, ndipo ngati mukufuna kuutseka msanga, kokani kilatchi nthawi yomweyo. Potsika poterera pa giya yoyamba, injini ikhozanso kuumitsa tayala lakumbuyo njinga nkupita cham'mbali. Pamenepo kokani kilatchi pang'ono tayala lizizungulirabe.

Ya ku Limbe iyi yabwera ndi ukali.

"Akulu a pawailesi, musanamize anthu. Four-stroke yanyamula camshaft, mavalavu, tcheni cha taimingi ndi pampu ya oyilo, zinthu zomwe two-stroke ilibe. Makilogalamu owonjezerawo ali m'mwamba, kumutu kwa injini, ndipo umawamva pokhota mothina komanso podumphitsa tayala lakumbuyo. Mwala wofika m'chiuno umafuna mphamvu yadzidzidzi: kupanikiza mashoko, kukweza moto, kutaya kilatchi, zonse m'kanthawi kamodzi. Two-stroke imadzuka msanga. Ndipo zoti four-stroke imagwira m'matope si zonse. Four-stroke ya fuel injection, yopopera petulo ndi pampu m'malo mwa kabuleta, imayankha mwachangu ukangokhudza moto, ndiye wa dzanja losakhazikika imamupalira kuposa two-stroke ya flywheel yolemera. Onani makampani ngati Gas Gas, TRS ndi Vertigo, akupanga chiyani? Njinga zawo za trials ndi two-stroke. Kukonzanso: two-stroke ndi pisitoni, malingi ndi gasiketi, ntchito ya masana amodzi. Ndipo chonde musatiuze za Toni Bou."

Pepani bambo a ku Limbe, za Toni Bou, katswiri wa ku Spain wokwera four-stroke, tikuuzani ndithu, koma tiyambire kutali. Kale trials inali ya ma four-stroke olemera a ku Britain, monga Ariel ndi AJS. Sammy Miller wa ku Northern Ireland atasiya Ariel yake ya 500cc nkupita ku kampani ya Bultaco ya ku Spain, anapambana mpikisano wa Scottish Six Days Trial mu 1965 pa Sherpa T, two-stroke yopepuka, ndipo m'zaka zochepa aliyense anatsatira. Four-stroke inadzabweranso ndi Eddy Lejeune wa ku Belgium, yemwe anatenga ukatswiri wa dziko lonse mu 1982, 1983 ndi 1984 pa Honda. Kenako zii, mpaka Montesa, yomwe ili m'manja mwa Honda, inatulutsa Cota 4RT, four-stroke ya 249cc, mu 2005.

Apa ndi pamene mfundo yanu ili ndi mphamvu. Mu 2005 ndi 2006 4RT inalipo kale, ikukweredwa ndi akatswiri awiri, Dougie Lampkin ndi Takahisa Fujinami, koma chikho cha dziko lonse chinapita kwa Adam Raga pa two-stroke ya Gas Gas. Bou analowa ku Montesa mu 2007, ndipo kuyambira chaka chimenecho mpaka 2024 sanaphonye ngakhale chaka chimodzi, panja ndi m'mabwalo omwe. Ine ndimaziona chonchi: Bou watsimikiza kuti palibe mwala umene four-stroke ingaulephere, koma sanatsimikize kuti four-stroke ndiyo yabwino kuposa. Njinga yake ndi yopangidwira iye, si ya m'sitolo. Pa kulemera ndi pa mwala wautali ndikugwirizana nanu. Pa kukonza ndikugwirizana nanu theka, chifukwa four-stroke yosamalidwa imakhalitsa isanafune kutsegulidwa, ndipo sufunika kusakaniza oyilo mu petulo.

Yachitatu ndi yaifupi, yachokera ku Ndirande.

"Bambo, vuto la 4RT ndi kuyaka. Imazima yokha pokhota pang'onopang'ono, ndipo ikatentha umamenya kiki mpaka mwendo kufooka. Anthu amasintha pulagi, amatsuka thanki, osathandiza. Gwero lake n'chiyani?"

Achimwene, nthawi zambiri njingayo ilibe vuto. 4RT ili ndi fuel injection koma ilibe batire. Magetsi oyendetsa pampu ya petulo ndi kakompyuta kake amachokera ku kiki yanu yomweyo. Kiki yaifupi yodzidzimutsa, imene imayatsa two-stroke, siipatsa pampu nthawi yokwanira. Ikani phazi, tsitsani pang'ono mpaka mumve kulimba, bwezani kiki m'mwamba, kenako muitsitse yonse mpaka pansi mosathamanga koma mosadukiza. Dzanja lamanja lisakhudze moto ngakhale pang'ono. Ambiri amagwira handulo chapakati poyatsa, chifukwa dzanja limapotokola lokha mwendo ukamatsika. Ikakana kangapo, tsegulani moto wonse, menyani kiki kawiri kuti petulo wochuluka atuluke, tsekani moto, yambiraninso. Ikagwa nkukhalitsa chogona, ili ndi kachipangizo kamene kamazimitsa injini dala, choncho iimitseni bwino musanayambe kuiimba mlandu.

Kuzima pokhota kumabwera chifukwa cha idling, kalilidwe ka injini musanakhudze moto. Injini imeneyi imafuna maulendo 1,800 pa mphindi itatentha. Kwa khutu lozolowera njinga zina imamveka ngati yakwera kwambiri, ndiye makaniko amaitsitsa kuti izilira mwaulemu. Akatero magetsi amachepa, ndipo injini imazima pomwe mukuifuna. Musayeze ndi khutu, pezani kachipangizo kowerenga maulendo a injini kamene amakulunga pa waya wa pulagi.

Ngati zonsezi zili bwino koma ikukanabe, yang'anani mavalavu. Akamadyeka, mpata wake umachepa, valavu siitseka bwino, mphamvu yopanikiza imathawa. Yezani ndi feeler gauge, timalata toyezera mpata, injini itazizira, pisitoni ili pamwamba mavalavu onse atatseka, ndipo manambala atengeni m'buku la njingayo, osati pamutu.

Kalata iyi ndi ya mayi wina wa ku Zingwangwa, ndipo ayankha funso lomwe sitinafunse.

"Bambo muulutsi, mukukangana za mphamvu, koma kuno chimene chimapha four-stroke ndi kutentha, fumbi ndi petulo wogona. Njinga ya trials imayenda ngati munthu wapansi, mphepo siifika pa ladiyeta, ndiye zonse zimadalira fani. Mwezi wa October musanapite kuphiri, iyatseni muidikire mpaka fani izungulire. Ikapanda kuzungulira musachoke. Matope a m'ladiyeta achotseni ndi madzi opanda mphamvu kuchokera kumbuyo. Oyilo wa injini sakwana n'lita imodzi yomwe, choncho amatopa msanga: sinthani pakatha maola 10 mpaka 15 akuyenda. Pa 4RT oyilo wa injini ndi wa giya ali m'zipinda ziwiri, ali ndi mabawuti awiri okhuthulira, musasokoneze. Fyuluta ya siponji itsukeni ndi parafini kenako sopo, iume, muipake oyilo wake, muifinye osaipotokola, ndipo m'mphepete mupake girisi. Petulo amasungunula guluu wa siponjiyo. Fumbi likadutsa limadya mavalavu olowetsa mpweya."

Mayi, mwatiphunzitsa, ndipo pa petulo wogona ndiwonjezepo. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi. Njinga ya trials imatuluka Loweruka lokha, mwina mwezi nkutha ili m'nyumba, ndipo petulo wotsala m'kabuleta amasiya utomoni wotseka pilot jet, kabowo kakang'ono kamene kamadyetsa injini ikamayenda pang'onopang'ono. Pa Beta Evo ya four-stroke, yomwe ili ndi kabuleta, chizindikiro chake ndi njinga yoyaka pa tchoko pokha. Mukamaliza kukwera tsekani kampopi ka petulo, injini ilire mpaka izime yokha, kapena masulani kabawuti ka pansi pa kabuleta. Jet yotsekeka muiuzire ndi mpweya, musaitokose ndi waya chifukwa mukulitsa bowo.

Palinso nkhani ya kukwera kwa malo. Blantyre ili pa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Kabuleta yotcheredwa ku Durban ikafika kuno imapereka petulo wochuluka: pulagi imada, injini imalira mobanika. Imafuna jet yocheperapo. Fuel injection imadziwerengera yokha, ndipo apa 4RT yapeza poyinti yomwe bambo a ku Limbe sanaitchule.

Yomaliza yachokera ku Bangwe, kwa achimwene a kabaza.

"Bwana, njinga zathu za Boxer ndi TVS nazonso ndi four-stroke. Misewu ya kumtunda kwa Bangwe ndi Soche nthawi ya mvula ndi trials yeniyeni. Tamva kuti a trials amaphwetsa matayala. Ifenso tiphwetse? Nanga sipuloketi?"

Ayi achimwene, musayerekeze. A trials amaika mpweya wa pafupifupi 4 psi kumbuyo ndi 6 kutsogolo, koma tayala lawo lakumbuyo lilibe chubu, ndi la mphira wofewa wopangidwira zimenezo, ndipo lanyamula munthu mmodzi woyenda ngati akuyenda pansi. Lanu lili ndi chubu ndipo lanyamula kasitomala ndi thumba lake. Mukaphwetsa chotero tayala limatsetsereka pa rimu nkuzula valavu ya chubu, kapena mwala umatsina chubu nkupinda rimu. Khalani pa mpweya wolembedwa pa njinga yanu, womwe nthawi zambiri umakhala cha m'ma 25 psi kutsogolo ndi 28 mpaka 32 kumbuyo.

Sipuloketi ndiye mungatengereko. Njinga za trials zimakhala ndi mano 10 kapena 11 kutsogolo ndi 41 kapena 42 kumbuyo. Inu musafike pamenepo. Tiyerekeze kuti muli ndi 14 kutsogolo ndi 42 kumbuyo: 42 kugawa ndi 14 ndi 3.0. Mukaika 13 kutsogolo zikhala 3.23, mukasiya 14 nkuika 45 kumbuyo zikhala 3.21. Njira zonse ziwiri zikupatsani mphamvu yokokera yowonjezera pafupifupi 7 kapena 8 pa 100 iliyonse, ndipo liwiro la pa tala litsika chimodzimodzi, petulo nkukwerako pang'ono. Ine ndingasankhe kukulitsa yakumbuyo, chifukwa yakutsogolo yaing'ono imapinda tcheni kwambiri nkuchidya msanga, ngakhale kuti mwina tcheni chifunika kuwonjezera mfundo ziwiri. Sinthani tcheni ndi masipuloketi onse pamodzi.

Za kusewera ndi kilatchi zomwe anena a ku Chilomoni, inu muzichite pang'ono pokha. Kilatchi ya trials inapangidwira kutsetsereka tsiku lonse, yanu ikatsetsereka ndi katundu pachitunda mapuleti amapsa. Tsikirani ku giya yoyamba chitunda chisanayambe, kilatchi muitaye yonse, moto ukhale pamodzi. Ndipo popeza kilatchi yanu imasambira mu oyilo wa injini yemweyo, gulani wolembedwa JASO MA pabotolo. Oyilo wina wa galimoto ali ndi mankhwala oterera amene amachititsa kilatchi kutsetsereka ngakhale mapuleti ali atsopano.