Makalata a omvera: mawu akuti foot, pamwendo ndi pa tepi

Moni omvera nonse. Sabata yatha tinakambirana mawu a Chingerezi akuti foot, tinati ndi phazi, akachuluka ndi feet, osati foots. Mwatilembera kuti tinasiya zambiri. Kalata yoyamba yachokera ku Dedza, kwa mmisiri womanga nyumba.

"Aulutsi, kwa ife omanga, foot ndi muyeso uja timati fiti. Fiti imodzi ndi mainchesi 12, pa tepi ndi masentimita 30.48. Mafiti atatu ndi yadi imodzi. Lata la mafiti 10 ndi mamita 3.05, la mafiti 12 ndi mamita 3.66. Anthu amaphonya pawiri. Ena amawerengera fiti ngati masentimita 30 okha, ndipo khoma la mafiti 40 limaperewera ndi masentimita 19, pafupifupi njerwa yathunthu. Ena amayeza malo ndi phazi lawo lenileni, chidendene kugunda chala. Phazi la masentimita 26 likaponda maulendo 20 limangofika mamita 5.2, pomwe mafiti 20 ndi mamita 6.1. Apo chipinda chachepa ndi masentimita 90, mpata wa chitseko. Papulani, kamzere kamodzi pamwamba pa nambala ndi mafiti, timizere tiwiri ndi mainchesi."

Zikomo bambo, mwagunda pomwe ndalama za anthu zimatayikira. Muyeso wa 30.48 umenewu maiko olankhula Chingerezi, kuphatikizapo Britain ndi America, anagwirizana mu 1959, ndiye fiti sisintha ndi kukula kwa phazi la munthu. Ndiwonjezepo za ogula matailosi. Chipinda cha mafiti 10 m'mbali ndi mafiti 12 m'litali ndi 120 square feet. Mukafuna ma square metre, gawani ndi 10.76, mupeza 11.15. Wogawa ndi 3.28, poti mita imodzi ndi mafiti 3.28, amapeza 36.6, n'kugula matailosi okwana zipinda zitatu. Chonde funsani wogulitsa kuti akuwerengera muyeso uti musanapereke ndalama.

Yachiwiri alemba ndi mayi wophunzitsa Chingerezi kusekondale ku Zomba.

"Ana ambiri amalemba leg pamene akutanthauza phazi. Leg ndi mwendo, foot ndi kuyambira pakakolo kutsika. Chidendene ndi heel, zala zakuphazi ndi toes, osati fingers. Pa muyeso, timati the plank is twelve feet long, koma muyeso ukakhala patsogolo pa dzina la chinthu, mawuwo amabwerera paumodzi: a twelve-foot plank. Kuyenda wapansi ndi to go on foot kapena to walk. Zoti I was footing timamvana tokha kuno, koma pamayeso zimadyetsa malikisi, chifukwa footing ndi popondapo, ndiponso konkire ija ya pansi pa maziko."

Mwalongosola bwino aphunzitsi. Ine ndingogwirapo pa katchulidwe, poti pawailesi ndi pamene mumatimvera. Mu foot, u wake ndi wamfupi ngati mu put ndi book, osamukoka ngati mu food. Feet ndiye amakokedwa. Mukamufupikitsa amamveka fit, kukwana kwa chovala. Palinso feat, amamveka chimodzimodzi ndi feet koma ndi ntchito yachamuna imene munthu wakwanitsa.

Womaliza ndi telala wa ku Mchinji. Akuti: "Pamakina osokera pali presser foot, kachitsulo kopanikiza nsalu pansi pa singano. Kakasiyidwa m'mwamba posoka, ulusi wapamwamba umalekerera, n'kuwunjikana kunsi kwa nsalu. Posoka zipi timasintha n'kuika kopyapyala, zipper foot, kuti singano iyandikire mano a zipi. Funso langa: kodi pali mawu ena olowa m'malo mwa foot?"

Alipo amayi, koma aliyense ali ndi pake. Phazi la galu kapena mphaka ndi paw, chiboda cha ng'ombe kapena mbuzi ndi hoof. Foot akatanthauza kunsi kwa chinthu, mungathe kunena base kapena bottom: at the foot of Mulanje ndi m'tsinde mwa phiri la Mulanje, the foot of the page ndi m'munsi mwa tsamba, n'chifukwa chake timawu tapansi paja amati footnote. The foot of the bed ndi kumiyendo kwa bedi. To foot the bill ndi kulipira zonse, makamaka pamene mtengo wakulemerani. Pa muyeso pokha palibe wolowa m'malo. Ndege zambiri zimawerengerabe kutalika kwake m'mwamba ndi mafiti, ndipo nsonga ya Sapitwa, ya mamita 3,002, m'mafiti ndi pafupifupi 9,850.

Nthawi yatithera. Kalata ya mlimi wa ku Ntcheu yofunsa za acre ndi hectare tidzayamba nayo sabata yamawa.