Musayambe ndi maenje, yambani ndi kaundula

Eee, aphunzitsi, mwaswera bwanji kumeneko? Pepani ndachedwa kuyankha, dzulo kwathu kuno magetsi kunalibe, foni inathima. Uthenga wanu ndaumva. Ndiye kuti akuluakulu a pa koleji akupatsani malo aja a kuseri kwa mahositelo oti mudzalepo mitengo, eti? Zakhala bwino. Ine ndingoyankhula, kulemba sindingathe, maso angawa ndi timabatani timeneti sizigwirizana.

Choyamba, maenje… ayi, dikirani, maenje abwera pambuyo. Ndiyambe ndi ichi. Chimene mukufuna kupangacho si munda wa nkhuni ayi, si munda wa mapolo. Azungu amati arboretum, ife tinkangoti munda wa mitengo wophunzirira. Munda wa nkhuni mumadzala mtundu umodzi, bulugamu mizere mizere, mwatha. Uwu mumadzala mitundu yambiri, mtundu uliwonse mitengo itatu kapena isanu, kuti umodzi ukafa ina itsale. Ndipo mtengo uliwonse uzidziwika kuti ndi uti, unachokera kuti, unadzalidwa liti. Kuti mwana wasukulu akafika aziugwira khungwa, azinunkhiza tsamba, osati kumangouona pa bolodi.

Ndiye musanagule chilichonse, yendani pamalopo. Musatume munthu, yendani nokha. Malo ambiri kuno ku Lilongwe amaoneka ngati ndi udzu wokhawokha, koma pansipo pali zitsa zamoyo. Mupeza chitimbe, mpoza, mthethe, mwina mtowo. Zimenezo ndi mitengo yanu yoyamba, yaulere, mizu yake inakhazikika kalekale. Mungosiya mphukira ziwiri zitatu zamphamvu pa chitsa, zinazo mudule. Musalole kuti alambule kaye malo onse ati kuti paoneke bwino. Ayi ndithu.

Tsopano pano ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ine ndi pamene ndinagwa nazo. Ndinagwa chagada.

Pa koleji ina pamene ndinkagwira ntchito, dzina ndisatchule, tinadzala bwinobwino mitundu yopitirira makumi atatu. Pa mtengo uliwonse tinamangirira kakhadi ka pulasitiki, tinalemba dzina ndi maka wakuda uja. Zinkaoneka zokongola, alendo anajambula zithunzi. Mvula inatha, dzuwa la Seputembala ndi Okutobala linafika, inki yonse inayera mbee. Makhadi ena mbuzi zinatafuna. Ena anyamata otchetcha udzu ankati akagwetsa ndi chikwakwa, amangotola nkukoleka pa mtengo umene uli pafupi. Mwamva? Pa mtengo uliwonse umene uli pafupi. Ndiye tsiku lina ndikupeza ophunzira akukopera m'makope mwawo kuti uwu ndi mbawa, chonsecho aima pa msambamfumu. Mitengo ikakhala yaing'ono, masamba ake kwa munthu wosazolowera amafananako. Ndipo anakalemba mayeso choncho. Ndinachita manyazi ine.

Ndiye tinati tikonze. Tinadula zidutswa za malata, nkulemba ndi penti, nkumanga pa thunthu ndi waya. Apanso tinalakwa. Mtengo umanenepatu, waya sanenepa. Patapita zaka ziwiri waya uja analowa m'khungwa, mitengo ina inatupa pamwamba pa waya ngati yamangidwa pakhosi, ndipo iwiri inathyokera pomwepo ndi mphepo. Chakudya cha mtengo chimene masamba apanga chimatsikira ku mizu kudzera m'kati mwa khungwamo, ndiye mukazinga ndi waya mwatseka njira. Chimodzimodzi amene amasenda khungwa kuzungulira pofuna mankhwala kapena luzi.

Ndiye chochita ndi ichi. Ndibwerezenso pang'onopang'ono. Gulani buku lachikuto cholimba, lalikulu lija. Limenelo ndi kaundula. Mtengo uliwonse upatseni nambala. Nambala, osati dzina lokha. Nambala imeneyo isadzaperekedwenso kwa mtengo wina, ngakhale woyambawo utafa. Ukafa mungolemba kuti unafa mwezi wakuti, chifukwa chiswe, kapena moto, basi. Wolowa m'malo mwake atenge nambala yatsopano. Mu kaundulamo mulembe nambala, dzina la Chichewa, dzina la sayansi, kumene mbewu inachokera, tsiku lodzala. Kenako mujambule mapu a mundawo, muyambire pa chinthu chosasuntha, kona ya nyumba kapena thanki ya madzi, nkumayeza ndi tepi kuti nambala 1 ili mamita angati kuchokera pamenepo. Mapuwo akhale awiri kapena atatu. Ena mu ofesi, ena ku laibulale, enanso muwajambule pa foni nkusunga mu kompyuta. Athu anali amodzi, anali m'chikwama cha munthu, munthuyo anasamutsidwa, mapu anapita naye.

Chikwangwani cha pa mtengo chisakhudze mtengo. Ndanena kuti chisakhudze mtengo. Chikhale pa kachipilala kake ka simenti pambali, nambala muilembe ndi msomali simenti ikadali yaiwisi. Nambala imeneyo dzuwa silifufuta, mbuzi sidya, wa zitsulo zakutha sangazule nkukagulitsa. Dzina mutha kulemba ndi penti pamwamba, likafufutika mumapita ku kaundula nkubwezeretsa.

Mwina mukuti nanga nambala ndi yachiyani poti dzina lilipo. Mayina amasinthatu. Mbawa m'mabuku ena mupeza Khaya nyasica, ena akuti Khaya anthotheca. Msangu unali Acacia albida, lero ndi Faidherbia albida. Mtengo womwewo. A Chichewanso ndi choncho, msambamfumu womwewu ena amati mkongomwa. Lembani onse amene mwamva, muwafunsenso ophunzira anu a ku Mzimba, a ku Mangochi, kuti kwanu mumati chiyani. Amasangalala nazo kwabasi. Ndipo dzina la sayansi ngati mukukayika musalote. Thyolani kanthambi kokhala ndi masamba, ndi maluwa kapena zipatso ngati zilipo, mukapanikize pakati pa manyuzipepala kaume, mukafunse a National Herbarium, likulu lawo lili ku Zomba. Kapena a zankhalango a ku Bunda, pafupi pompa.

Aa, mwana akulira apa, dikirani… Chabwino. Ndimati chiyani? Mbewu.

Mbewu za mitengo a FRIM, bungwe lofufuza za nkhalango ku Zomba, amakhala nazo, ndi ntchito yawo. Koma zina muzitola nokha, ndi ophunzira, limenelo ndi phunziro kale. Ndipo si mbewu zonse zimene zimasungika. Masuku mukadya mu Novembala kapena Disembala, nthangala zake fesani sabata yomweyo. Mukaziumitsa nkusunga m'botolo ngati chimanga, zafa. Mbawanso sichedwa kutha mphamvu, musaigoneke chaka. Msangu ndi wosiyana, chikopa chake ndi cholimba, madzi salowa. Mutenge kodulira zikhadabo kaja mubudule pang'ono m'mphepete, pang'ono pokha, kumbali yosiyana ndi kumene kumatulukira muzu, munyike m'madzi usiku umodzi, m'mawa mufese. Za kuthira dothi m'machubu ndi kuthirira mukuzidziwa kale, ndisakutayitseni nthawi. Koma machubuwo muziwasuntha, muzidulira mizu yotulukira pansi, apo ayi tsiku lodzala mudzachita kuzula ngati chinangwa.

Iya, ndaiwala chinthu chofunika. Msuku ndi mitengo ya miombo, mombo, tsamba, imeneyi imakhala pa ubale ndi bowa wa m'nthaka amene amamatirira ku mizu yake nkumaithandiza kuyamwa chakudya. Ndi chifukwa chake bowa wa m'tchire amayi amakamuzula pansi pa mitengo imeneyi, simungamupeze pansi pa malayina. Ndiye pothira machubu a msuku, sakanizanimo dothi pang'ono lochokera pansi pa msuku waukulu. Popanda limenelo mbande zimangokhala zachikasu, zonyentchera. Ngati mukukatenga cha ku Dzalanyama, ija ndi nkhalango yotetezedwa, muyambe mwapempha kwa a zankhalango.

Nthawi yodzala. Boma limatsegulira nyengo yodzala mitengo pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo. Koma inu musaone Epuloyo. Kuno mvula ikamafika kumapeto a Malichi yayamba kale kutsanzika, mtengo wodzala nthawi imeneyo ulowa m'chilimwe mizu isanagwire. Dzalani mu Disembala kapena kumayambiriro a Januwale, nthaka itanyowa bwino. Maenje mukumbiretu mvula isanagwe, masentimita 60 mulifupi, 60 kuya, dothi lapamwamba mbali ino, lapansi mbali iyo. Pokwirira lapamwamba lija losakaniza ndi manyowa owolerana ndi limene liyambe kulowa. Owolerana, osati ndowe zadzulo, zimenezo zimaitana chiswe.

Ndipo chubu muchotse! Mukuseka, koma ndinaziona ndi maso angawa. Tinali ndi mwambo wodzala mitengo, kunabwera alendo olemekezeka, nyimbo, magule. Ndinawauza anzanga kuti tiyeni tiyambe tawaonetsa anthu kadzalidwe. Akuti ayi nthawi yatha, alendo akuthamangira kwina. Chabwino. Mwezi wa Juni mitengo ya mzere wa alendo ija yangoima osakula, ina yauma. Ndikukumba, ndikupeza pulasitiki ili bwinobwino, mizu yangozungulira m'katimo ngati nkhata. Ndiye ngati kudzakhale mwambo, alendo adzale iwiri itatu ya chithunzi, m'mawa mwake inu mukayendere dzenje lililonse.

Mpata wake musaumire. Mbawa ndi chimtengo chachikulu, ipatseni mamita 10 mbali zonse. Tizitsamba ngati mpoza ndi nthudza tingathe kuyandikana. Ikani m'magulu kuti pophunzitsa musamathamange uku ndi uku: ya zipatso mbali imodzi, masuku, masau, bwemba, mateme, maula, ya matabwa mbali ina, mbawa, mlombwa, muwanga, yobwezeretsa chonde m'nthaka pakepake, msangu, gliricidia. Yokonda madzi ngati katope ipite kumunsi kumene kumadikha. Yobwera, bulugamu, malayina, keshya, jakaranda, ikhalepo ndithu kuti ana aidziwe, koma kumalire, ndipo bulugamu atalikirane ndi mjigo. Mkuyu musauyandikize ku nyumba kapena ku mapaipi a zimbudzi. Bambo wina ndinamuuza zimenezi, akuti ndikufuna mthunzi pa ofesi. Mthunzi anaupeza, koma mizu inakalowa mu thanki ya zonyansa, ndalama zimene anawononga pokonza… kaya, tisazitchule.

Wina adzakuuzani kuti mudzalenso mkungudza wa ku Mulanje poti ndi mtengo wa fuko lathu. Widdringtonia whytei. Ndi zoona ndi wa fuko, koma kwawo ndi pamwamba pa phiri, kozizira, kwa nkhungu. Kutentha kwa kuno kwa Okutobala sikuuyanja. Ine ndingati ndalama imeneyo musunge, mudzawatengere ana ulendo akauone kwawo.

Za mlombwa ndinene, chifukwa apanso tinaluza. Mlombwa ukakhala waung'ono, chilimwe chikafika umauma kumtundaku, kumangotsala kamtengo ngati kafa. Sunafe. Ukumanga muzu pansi, mvula ikagwa uphukanso, ndipo umatha kuchita zimenezi zaka zingapo usanaganize zokwera. Ife anyamata a panja anaona zouma, anazula zonse nkudzalapo keshya, ati kutithandiza. Ndiye muwauze. Ndipotu anthu amenewa, otchetcha, alonda, muwatenge ngati aphunzitsi anzanu. Yendani nawo m'mundamo, muwaonetse zipilala, ena mwa iwo mitengoyi amaidziwa kuposa ife a mabuku.

Chimodzimodzi msangu, uja umayoyola masamba nthawi ya mvula, nkuphuka chilimwe anzake ali mbulanda. Munthu wosadziwa amati wadwala. Ndi chifukwa chake chimanga chimachita bwino pansi pake, suchitchinga dzuwa, ndipo masamba aja ndi manyowa.

Moto. Udzu ukangoyamba kuuma, Meyi, Juni, lambulani njira kuzungulira munda wonse, yotakata mamita atatu kapena anayi, ndipo udzu wa m'kati mutchetche nkuuchotsa. Osaka mbewa sadziwa kuti pano ndi pa koleji. Ndipo vuto lake motowo umabwera ana ali ku holide, pamalo palibe munthu. Holide imeneyo muikiretu munthu wothirira mitengo ya chaka choyamba, ndowa imodzi pa mtengo pa sabata ikwanira, bola muphimbire udzu pansi. Udzuwo usagunde thunthu, chiswe chingakwerepo. Mbuzi mukudziwa kale chochita.

Kuphunzitsa kwake tsono. Wophunzira aliyense wa chaka choyamba mpatseni manambala ake, mitengo isanu, akhale nayo mpaka adzamalize. Kawiri pa chaka aziyeza kutalika, ndipo ikakula aziyeza kunenepa kwa thunthu pa mamita 1.3 kuchokera pansi, pamenepo ndi pamene a zankhalango amayezera. Azunguliza tepi, chimene wapeza agawa ndi 3.14, ndiye wapeza kutakata kwa thunthu kuchokera mbali ino kufika mbali iyo. Dulani ndodo ya 1.3 kuti onse aziyeza pamodzimodzi, apo ayi wamtali ndi wamfupi akupatsani zosiyana. Azilembanso mwezi umene mtengo wachita maluwa, wabereka, wayoyola. Zonsezo zizilowa mu kaundula muja, ndi bolopeni, osati pa tipepala. Ine ndinkawatseka maso ndi kansalu, nkuwapatsa khungwa kuti andiuze dzina. Mlombwa ndinkangocheka pang'ono pa kanthambi aone utomoni wofiira ngati magazi, sankaiwalanso.

Foni ikuti batire yatsala pang'ono. Loweruka ndili ndi maliro ku Mitundu, koma Lolemba ndikhoza kudzera kumeneko tikayende limodzi pamalopo, tione zitsa zija. Mugule bukulo ndi tepi ya mamita 50, ndipo muwauze anyamatawo asatchetche kaye mpaka nditafika. Mupereke moni kwa bambo kunyumbako.