Kope la mbalame: mmene timawerengera chaka chonse kuno ku Thyolo

[Mbandakucha. Nkhungu yakuta minda ya tiyi.]

Mwadzuka bwanji nonse amene mukuonera. Ndaima m'mphepete mwa kankhalango kamene kanatsala pakati pa minda ya tiyi. Tamverani kaye. Akulongolola pamwambapo ndi pumbwa, ndipo zaka zambiri iyeyu ndiye amatsegula kope langa pa 1 Januwale.

[Kamera iyandikire kope.]

Ndi kope lasukulu wamba. Mtundu uliwonse wa mbalame umalowamo kamodzi pachaka: dzina, tsiku loyamba kuuona, ndi malo. Ngakhale muone apumbwa makumi awiri, mzere ndi umodzi basi. Pa 31 Disembala mumatseka n'kuwerenga. M'Malawi muno muli mitundu pafupifupi 650, ndiye ntchito ilipo.

Povuta ndi pa mayina. Khwangwala wa pamsika wa Luchenza ali ndi chifuwa choyera. Mukakwera phiri la Mulanje mukumana ndi khwangwala wina wamlomo wonenepa, chifuwa chakuda bii, poyera ndi kumbuyo kwa khosi kokha. Tonse timangoti khwangwala, koma m'kope ndi mizere iwiri. N'chifukwa chake ndimalemba dzina limene anandiphunzitsa agogo, pambali pake dzina la m'buku.

Musayese kuti mumaliza pa ulendo umodzi. Anamzeze ena amachokera ku Ulaya, amafika mvula ikamayandikira, n'kubwerera cha m'Malichi kapena Epulo. Nyengo ya chiperoni, mbalame zina za m'nkhalango za pamwamba zimatsika kuthawa kuzizira. Mwezi uliwonse uli ndi alendo ake.

[Kamera iloze pansi, pa masamba ouma.]

Tsopano taonani apa. Linthumbu! Wina aliyense akanathawa, koma ife timangosuntha pang'ono, kulowetsa buluku m'sokosi, n'kudikira. Linthumbu likamadutsa, tizilombo tobisala m'masamba timabalalika, ndipo pali mbalame imene imalitsata kuti izitola tizilomboto. M'mabuku imatchedwa Thyolo alethe. Akatswiri anailemba koyamba mu 1927, n'kuipatsa dzina la boma lathu lino. Msana wake ndi wofiirira, pakhosi poyera mbee, ndipo ikauluka mumaona nsonga zoyera kumchira. Dziko lonse lapansi imapezeka kum'mwera kwa Malawi ndi m'mapiri a kumpoto kwa Mozambique monga Namuli ndi Mabu.

Apa mtima umandiwawa. Nkhalango ya paphiri la Thyolo, imene inali mudzi wake, tinaigwetsa n'kulimapo. Kudera lathu lino mbalameyi yangotsala m'timagawo ngati kano, ndi ku Mulanje cha kuchigwa cha Ruo. Siikhala m'bulugamu, siikhala m'tiyi. Imafuna mthunzi wa mitengo yachilengedwe, masamba owola pansi, ndi linthumbu. Chaka china ndinabwera pano m'mawa katatu osaiona, mzere wake unatsala wopanda kanthu. Ndinausiya choncho dala. Kopeli likamasonyeza kuti pamalo pamene mbalame inkaoneka chaka ndi chaka tsopano palibe, ndiye kuti likutiuza za nkhalangoyo nkhuni zisanafike n'komwe pamsika.

Ndiye chonde, abale anga, musalembe zongoganizira. Mwangoona kanthu kofiirira kadutsa psiti, simunakaone bwino, kasiyeni. Mawa kuliko.

Ilipo inanso yoyenera ulendo wapadera: Yellow-throated apalis, kambalame kachikasu kamzere wakuda pachifuwa. Kamapezeka m'Malawi mokha, pa Mulanje, Zomba ndi Malosa.

Za zida musade nkhawa. Magalasi oonera patali amathandiza, koma anayi mutha kubwerekana amodzi, ndipo makutu ndi aulere. Amene muli ndi foni ya intaneti, pali pulogalamu yolemberamo mbalame yotchedwa eBird, ya bungwe lofufuza za mbalame la Cornell Lab of Ornithology, yosalipiritsa. Mumalembamo mbalame za ulendo uliwonse ndi kuchuluka kwake, yokha n'kumakuwerengerani za chaka, ndipo ofufuza amagwiritsa ntchito zimene mwalembazo. Kungoti musanalowe m'nkhalango ya esiteti, pemphani kaye chilolezo. Legeni isiyeni kunyumba.

[Mawu atsike.]

Linthumbu lija lafika pachitsa icho, ndipo m'munsi mwa tchire muja mwagwedezeka kanthu. Tiyeni tikhale phee.