Kumalo Kumene Palibe Wokudziwani

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Mawu athu m'mawa uno akuchokera pa Danieli chaputala 1. Ndikulankhula makamaka ndi inu ophunzira a ku koleji amene mwapeza mwayi wokaphunzira semesita imodzi kunja kwa dziko lanu, komanso ndi makolo amene atsala kunyumba akuwerenga masiku.

Semesita ndi miyezi inayi kapena isanu basi. Makoleji ambiri amasinthana ophunzira chonchi, ndipo ku Ulaya pulogalamu ya Erasmus yakhala ikuchita zimenezi kuyambira mu 1987. Wina angafunse kuti miyezi yochepa choncho ingasinthe chiyani pa munthu. Imasintha ndithu, koma kusinthako sikuoneka pa zithunzi zimene mumatitumizira pa WhatsApp mutavala jekete lalikulu. Kumachitika Lamlungu loyamba m'mawa, mutadzuka m'chipinda chanu nokha. Palibe wogogoda pachitseko kuti tachedwa kutchalitchi. Mukagona mpaka masana palibe adzafunse. Mukapita kumalo amene kwanu simukanayerekeza n'komwe kupondako, palibe wokauza amayi anu. Tsiku limenelo munthu amayamba kudziwa kuti mwa zimene ankachita kwawo, ndi ziti zinali zochokera mumtima mwake, nanga ndi ziti ankachita chifukwa anthu ankamuyang'ana.

Danieli anafika ku Babulo cha m'ma 605 BC, m'chaka chachitatu cha ufumu wa Yehoyakimu mfumu ya Yuda. Tisaiwale kuti iye sanalembe kalata yofunsira malo, ndipo analibe tikiti yobwererera. Anatengedwa ukapolo Nebukadinezara, mfumu ya Babulo, atazinga Yerusalemu. Komabe zimene anakapeza kumeneko wophunzira aliyense angazizindikire. Mfumu inalamula Asipenazi, mkulu wa adindo ake, kuti asankhe anyamata anzeru ndi ooneka bwino, awaphunzitse zolemba ndi chinenero cha Akasidi kwa zaka zitatu, kenako akaonekere pamaso pa mfumu. Chakudya ndi vinyo zinkachokera patebulo la mfumu tsiku ndi tsiku. Masiku ano tikanati anapeza sikolashipu yolipira zonse.

Chimene ambiri timachilumpha tikamawerenga nkhaniyi ndi kuchuluka kwa zinthu zimene Danieli anavomera. Chinenero cha anthu amene anagonjetsa dziko lake anachiphunzira. Mabuku awo, momwe munali nkhani za milungu yawo ndi za okhulupirira nyenyezi, anawawerenga mpaka kuwadziwa. Anamusintha dzina n'kukhala Belitesazara, dzina limene Nebukadinezara mwiniwake ananena pa chaputala 4 kuti linachokera ku dzina la mulungu wake. Anzake Hananiya, Misaeli ndi Azariya anasanduka Sadrake, Mesake ndi Abedinego. Sitikumva kuti anakana kuyankha akaitanidwa ndi mayina amenewa.

Ndikunena izi chifukwa alipo ophunzira achikhristu amene amapita kunja atamanga nkhonya, ngati akupita kunkhondo. Amakhala m'chipinda, amacheza ndi a kwawo okhaokha, amadya ali pafoni ndi a kunyumba, ndipo akamabwerera sanaphunzire ngakhale moni wa dzikolo. Amati akusunga chikhulupiriro. Ine sindikuona choncho. Yeremiya analembera kalata anthu amene anali ku ukapolo ku Babulo komweko, ndipo pa chaputala 29 anawauza kuti amange nyumba, alime minda, ndi kufunira mtendere mzinda umene akukhalamo ndi kuupempherera. Ngati Mulungu anauza akapolo kuti apempherere Babulo, inu amene mwalandiridwa bwino ndi visa m'manja simungalephere kudziwa dzina la mnzanu wokhala naye pafupi m'kalasi.

Ndipo zophunzira kumeneko zilipo zambiri. Mudzapeza mphunzitsi amene akufuna kuti mumutsutse, ndipo mukangokhala chete kumulemekeza, iye adzaganiza kuti simunawerenge. Mudzapeza kuti ntchito ya m'kalasi imatumizidwa pa intaneti, ndipo nthawi ikakwana kompyuta imatseka, simungaipepese. Mudzaikidwa m'gulu limodzi ndi munthu wachipembedzo china, kapena wosapembedza n'komwe, amene ali wachilungamo ndi wolimbikira kuposa anzanu ena a mukwaya. Zimenezi zimapweteka pang'ono, koma zimachiritsa kunyada. Mudzasochera pa siteshoni ya sitima ndipo mudzakumbukira kuti safunsa anadya phula. Amene mwapita kumayiko a kumpoto, ku London mu Disembala dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko masana, ndipo mdima wotere umabweretsa kusungulumwa kumene simunakuyembekezere. Musachite nako manyazi. Makoleji ambiri ali ndi ofesi yothandiza ophunzira ochokera kunja komanso alangizi, ndipo kupita kumeneko sikusonyeza kuti pemphero lanu ndi lofooka.

Tsono pakati pa zonse zimene anavomera, panali chimodzi chimene Danieli anakana. Vesi 8 ikuti anatsimikiza mumtima mwake kuti asadzidetse ndi chakudya cha mfumu kapena vinyo wake. Akatswiri a Baibulo amasiyana pa chifukwa chake. Ena amati nyamayo inali yosaloledwa m'chilamulo cha Mose, ena amati inkayamba yaperekedwa kwa mafano, ena amati kudya za patebulo la mfumu kunali kuvomereza kuti moyo wako uli m'manja mwa mfumuyo. Chimene chikuonekeratu n'chakuti anasankha asanakhale pansi kuti adye. Sanadikire kuti mbale ifike, fungo limukoke, ndiyeno ayambe kulimbana ndi mtima.

Apa ndi pamene ambiri timagwera. Munthu sanaganizepo zoti adzayankha chiyani, ndiye funso limamupeza usiku wa Lachisanu, anzake atsopano ali pakhomo, iye akuopa kuoneka wotsalira. Kapena limamupeza 11 koloko usiku, ntchito ikufunika 12 koloko, ndipo ntchito ya munthu wina ili pakompyuta pake yongofunika kusintha dzina. Kapena ndalama za mwezi wonse zafika pa akaunti tsiku limodzi, koyamba m'moyo wake, ndipo palibe womufunsa kuti zapita kuti. Kapenanso wasiya bwenzi kwawo limene analonjezana nalo, ndipo kuno kwapezeka wina womumvetsera pa nthawi imene ali wosungulumwa. Simufunika mndandanda wa malamulo makumi asanu. Danieli anali ndi malire ochepa, koma anali ake, ndipo ankawadziwa asanafunsidwe.

Onaninso mmene anakanira. Sanagubuduze tebulo kapena kulalikira anzake amene ankadya. Anapempha. Mkulu wa adindo atamuuza kuti akuopa mfumu, kuti anyamatawo akaoneka owonda mutu wake udulidwa, Danieli sanamukakamize. Anamvetsa kuti munthuyo ali ndi mantha enieni. Anapita kwa kapitawo amene ankawayang'anira tsiku ndi tsiku n'kumupatsa njira yosamuika pangozi: atiyese masiku khumi ndi zamasamba ndi madzi, kenako atiyerekeze ndi enawo, achite monga aonera. Mnyamata wamng'ono, m'dziko la eni, akulankhula chinenero chimene akuchiphunzira kumene, anatha kusunga chikumbumtima chake popanda kuika moyo wa munthu wina pachiswe. Kwa ine kukula ndi kumeneku. Kunena kuti "zikomo, ine sindimwa, koma tiyeni ndikuperekezeni" ndi luso limene ena a ife tinafika zaka makumi anayi tisanaliphunzire. Timangodziwa kugonja, kapena kukana mwachipongwe.

Masiku khumi atatha, nkhope zawo zinaoneka bwino kuposa za amene ankadya za mfumu. Zaka zitatu zitatha, mfumu inawapeza oposa amatsenga ndi openda ake onse kakhumi. Vesi 17 ikuti nzeruzo anawapatsa ndi Mulungu, koma musaganize kuti zinatsika ali mtulo. Anakhala m'kalasi zaka zitatu. Kusala kudya sikulowa m'malo mwa kuwerenga, ndipo mayeso a kunja samva kuti munali kumapemphero a usiku wonse.

Chaputala 1 chikutha ndi mawu oti Danieli anakhalabe kumeneko mpaka chaka choyamba cha mfumu Koresi, amene analanda Babulo mu 539 BC. Ndi zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi. Pa chaputala 6 tikumupeza ali nkhalamba, akugwada katatu pa tsiku m'chipinda chake chapamwamba, mazenera atatsegukira ku Yerusalemu, ndipo lembalo likuti ankachita monga mwa chizolowezi chake. Chizolowezi choterocho chimayamba munthu ali mnyamata, pa nthawi imene palibe womukumbutsa.

Inu muli ndi tikiti yobwererera, ndipo kubwerako kuli ndi mayesero ake. Mudzapeza moyo wapitirira popanda inu. Anzanu adzamvetsera nkhani zanu tsiku loyamba, lachiwiri adzayamba kuyang'ana pafoni. Pakamwa panu padzayamba kudzaza mawu akuti "kumene ndinali sachita choncho". Samalani nawo mawu amenewo. Ngati munaphunzira kusunga nthawi, isungeni mwakachetechete. Ngati munamva kupweteka kwa kukhala mlendo, yang'anani pa koleji yanu wophunzira wochokera kutali amene amadya yekha, mukakhale naye. Nanu makolo, mwana akabwera ndi mafunso amene sankafunsa kale, musafulumire kunena kuti wawonongeka. Mumvetsereni kaye.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, tikupereka kwa Inu ana athu ndi abale athu amene adzuka m'mawa uno m'mayiko a eni. Amene akudikira visa, muwatsegulire njira. Amene sanagone chifukwa chosowa kwawo, muwatumizire munthu wolankhula naye lero. Amene ndalama zawathera mwezi usanathe, muwapatse kulimba mtima koti anene zoona ndi kupempha thandizo pamalo oyenera. Amene akulemba mayeso m'chinenero chimene sanabadwe nacho, muwakumbutse zimene anawerenga. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.