Mmene Afalansa ankalamulira maiko a mu Africa

Zikomo a mfumu, amayi ndi abambo nonse. Achinyamata akumbuyoko, sendererani kuno kuti tisamachite kukuwa.

Ife kuno tinalamulidwa ndi Angerezi, ndiye tikamva za atsamunda timangokumbuka bwana DC ndi msonkho. Afalansa anali ndi kachitidwe kawo. Ankati munthu wakuda akaphunzira Chifalansa n'kumatsata malamulo ndi makhalidwe awo, asanduka nzika ya France, wofanana ndi wobadwira ku Paris. Kumva kwake n'kokoma, eti? Koma tiyeni tione kuti analawa mwayi umenewu ndi ndani.

Ku Senegal kunali matauni anayi: Saint-Louis, Gorée, Rufisque ndi Dakar. Obadwira m'matauni amenewa ankavota, ndipo mu 1914 anasankha Blaise Diagne kukhala phungu wawo m'nyumba ya malamulo ku Paris. Basitu. Kunja kwa matauniwa, kupatula anthu owerengeka chabe, mamiliyoni onse aja sanali nzika ayi. Anali anthu ongolamulidwa.

Maiko awo a kumadzulo kwa Africa anawamanga mtolo umodzi mu 1895, ndipo kuchokera mu 1902 bwanamkubwa wa onsewo ankakhala ku Dakar. A chapakati, monga Gabon, Congo ndi Chad, anawaphatikiza mu 1910, likulu lawo Brazzaville. Lamulo linkachokera ku Paris, kufika kwa bwanamkubwa, n'kutsika mpaka kwa commandant, mzungu woyang'anira boma limodzi.

Apa ndiye mumvetsetse. Panali lamulo lotchedwa indigénat. Commandant ankatha kukutsekera masiku 15, kapena kukulipiritsa chindapusa, popanda bwalo, popanda mboni. Wachedwa kukhoma msonkho, m'ndende. Wakana kukalambula msewu, m'ndende. Iye akangoona ngati wamuderera, m'ndende. Wodandaula ndi iye, woweruza ndi iye, mwini ndende ndi iye yemweyo. Ukadandaula kwa yani?

Nanga mafumu? Pepani a mfumu, nkhani yake si yokoma. Afalansa ankaona mfumu ngati wantchito wa boma. Ikavuta, ankaichotsa n'kuikapo wina, nthawi zina msilikali wopuma kapena womasulira mawu, munthu wopanda ndi mbumba yomwe pamalopo. Ntchito yake inali kutolera msonkho, kupereka anyamata a usilikali ndi kusonkhanitsa anthu okagwira ntchito yokakamiza. Mfumu yotero anthu ankaiopa, koma ulemu sankaipatsa.

Ntchito yokakamizayo makolo athu a ku Thyolo ndi ku Mulanje akanaizindikira msanga, chifukwa inkafanana ndi thangata. Pomanga njanji ya Congo-Océan, yochokera ku Brazzaville kukafika kunyanja ku Pointe-Noire, kuyambira mu 1921 mpaka 1934, anakagwira amuna kutali, mpaka ku Chad, n'kuwatengera m'nkhalango ya Mayombe. Anthu ozolowera dera louma anakapezeka akudula mitengo ndi kuphwanya miyala m'chinyezi, chakudya chochepa, matenda ali pamsana. Akatswiri a mbiri yakale amati anafa anthu pafupifupi 17,000, ena amati kuposa pamenepo, panjanji ya makilomita 500 okha.

Zinthu zinayamba kusintha ndi nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, imene asilikali akuda anaimenyera France. Mu 1944 Charles de Gaulle, mtsogoleri wa Afalansa, anatsegula msonkhano ku Brazzaville wolonjeza kukonza zinthu, koma za ufulu wodzilamulira msonkhanowo unakana kwamtuwagalu. Mu 1946 indigénat inatha, ntchito yokakamiza inathetsedwa ndi lamulo limene anabweretsa Félix Houphouët-Boigny wa ku Côte d'Ivoire, ndipo lamulo la Lamine Guèye, phungu wa ku Senegal, linapatsa onse unzika. Lonjezo lakalekale lija linabwera anthu atayamba kale kufuna zina.

Mu September 1958 de Gaulle anafunsa maikowa kuti avote: kukhalabe mu mgwirizano ndi France, kapena kuchoka osalandiranso thandizo. Onse anavomera kukhala, kupatula Guinea ya Sékou Touré. Guinea inalandira ufulu pa 2 October chaka chomwecho, ndipo Afalansa, mokwiya, anasamutsa antchito awo mofulumira, n'kunyamula katundu wa m'maofesi, wina n'kumuwononga. Maiko enawo anadikira mpaka 1960, ndipo ambiri mwa iwo akugwiritsabe ntchito ndalama ya CFA franc imene France inakhazikitsa mu 1945.