Fosifolasi womangika m'dothi ndi tizilombo tomwe timamumasula

Amfumu, akuluakulu a kalabu, amayi ndi abambo, tiyambe ndi thumba la feteleza wokulitsa lija lolembedwa 23:10:5+6S+1Zn. Nambala yapakatiyo, 10, ikunena za fosifolasi, chakudya cha mbewu chothandiza kupanga mizu. M'thumba la makilogalamu 50 muli makilogalamu 5 okha a fosifeti, momwe mumakhala fosifolasiyo, ndipo pa zochepazo chimanga chimangodya gawo limodzi mwa magawo asanu, kapena kucheperapo, m'chaka chomwe mwathira.

Enawo apita kuti? Ali m'munda mommo. Fosifolasi satsika ndi madzi ngati mmene amachitira nayitrojeni wa mu yureya. M'dothi la katondo, komanso m'madera a mvula yambiri ngati Mulanje, Thyolo ndi Nkhata Bay komwe dothi lili ndi asidi wambiri, amagwidwa ndi chitsulo ndi aluminiyamu wa m'dothimo. M'makande a ku Chikwawa ndi Nsanje amagwidwa ndi kashiamu. Zili ngati chimanga chili m'nkhokwe yokhoma, ana akugona ndi njala pakhonde. Chizindikiro chake mumachidziwa: chimanga chaching'ono chopinimbira, masamba akumunsi ofiirira mopita ku pepo m'mphepete, mizu yochepa, ndipo chimachedwa kukhwima.

Tsono m'dothi lomwelo muli mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso, tomwe timakhala mozungulira mizu. Odziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi a mitundu ya Bacillus ndi Pseudomonas. Muzu umatulutsa timadzi ta shuga, tizilomboti timadya, kenaka timatulutsa asidi wofatsa, wina wake ndi yemwe uja ali m'mandimu. Asidiyo amakagwira chitsulo, aluminiyamu kapena kashiamu, fosifolasi n'kumasuka, muzu n'kuyamwa. Tina timaphwanya fosifolasi yemwe ali m'manyowa ndi m'mapesi owola. Palinso nkhungu za m'mizu, mayikoraiza, zomwe zimatambasula tiulusi kutali ndi muzu n'kumatunga fosifolasi komwe muzu sukadafika. Tiulusiti n'tofunika chifukwa fosifolasi sayenda m'dothi. Nyengo yonse ya mvula amangosuntha pang'ono chabe kuchoka pomwe mwamuika.

Apa ndipemphe mumvetse bwino. Tizilomboti sitipanga fosifolasi. Timangomasula yemwe alipo kale. Bakiteriya wotchedwa Rhizobium wa mu Nitrofix, yemwe ena mwa inu mumapaka ku mbewu ya soya, amatenga nayitrojeni mumpweya, ndipo mpweya sutha. Fosifolasi mumpweya mulibe. Munda womwe wakhala zaka zambiri osalawa feteleza kapena manyowa, ngakhale muthiremo tizilombo tochuluka bwanji, phindu lake likhala lochepa. Wina akakuuzani kuti gulani kapaketi aka musiye feteleza, musamumvere.

Chomwe chili m'manja mwanu ndi kudyetsa tizilombo tomwe muli nato kale. Chakudya chake ndi zowola. Pa phando lililonse la chimanga, ikani manyowa owola bwino odzaza manja awiri musanabzale. Feteleza wokulitsa mumuike pobzala kapena chimanga chitangomera, pa dzenje lotalikira masentimita 10 kuchoka pa mbewu, lakuya masentimita 10, n'kukwirira. Akagwera pamene pali manyowa zimakhala bwino koposa, chifukwa zowolazo zimatseka malo omwe chitsulo chikadagwira fosifolasi, ndipo tizilombo timakhala titachulukana pomwepo. Kumwaza feteleza pamwamba pa mzere n'kumupereka ku dothi lonse kuti limugwire. Kuchedwa nakonso kumapweteka: chimanga chimafuna fosifolasi masabata oyambirira pomwe chikupanga mizu, ndipo mukathira chitafika m'mawondo mwataya zambiri.

Manyowa aiwisi ayi. Ndowe kapena zitosi zongochotsa m'khola zimatentha mizu ndipo zimabwera ndi njere za udzu. Mapesi musawotche, moto umasiya phulusa lochepa, koma chakudya cha tizilombo cha chaka chonse chimapita ndi utsi. Masamba a deliya, aja amamera m'mbali mwa misewu, amawola msanga ndipo ndi abwino kuwaphatikiza mu kompositi.

Nandolo ndiye ndimutchule mwapadera. Mizu yake imatulutsa asidi wakewake yemwe amamasula fosifolasi wogwidwa ndi chitsulo, zomwe mbewu zambiri sizikwanitsa. Masamba ake akayoyoka n'kuwola, fosifolasiyo amatsala pamwamba pomwe chimanga cha chaka chamawa chidzamupeza. Anzathu akummwera omwe amabzala nandolo m'chimanga akhala akupindula ndi zimenezi kuyambira kale. Kabichi, repu ndi mpiru, mbewu zimenezi sizisunga mayikoraiza, choncho kudimba muzisinthanitsa ndi nyemba kapena chimanga.

Ngati asidi wa m'dothi wapyola, pH (muyezo wa asidiyo) yatsika pansi pa 5.5, mabakiteriya ambiri amafooka ndipo aluminiyamu amapsereza nsonga za mizu. Pamenepo mankhwala ake ndi laimu, wothira miyezi iwiri kapena itatu musanabzale ndi kusakaniza ndi dothi. Muyezo wake osaganizira. Tumizani dothi kudzera kwa alangizi likayezedwe ku malo a kafukufuku wa ulimi a Chitedze kapena Bvumbwe. Laimu wopyola muyezo amamanganso fosifolasi yemweyo.

Nanga tizilombo togula m'paketi kapena m'botolo? Tilipo pa msika m'mayiko ambiri, ndipo zotsatira zake m'minda zimasiyanasiyana: pena chimanga chimasintha, pena osaona kanthu. Kawirikawiri chifukwa chake n'choti tafa tisanafike m'dothi, kapena tagonja kwa tizilombo ta m'mundamo. Kumbukirani kuti ndi zamoyo. Onani tsiku lothera ntchito, ndipo paketi yomwe yakhala padzuwa m'shopu isiyeni. Kunyumba isungeni pozizira, pansi pafupi ndi mtsuko wa madzi. Popaka, sungunulani magalamu 100 a shuga mu lita imodzi ya madzi oyera opanda klorini, nyowetsani mbewu pang'ono chabe kuti inyezimire, thirani ufawo pa muyezo wolembedwa pa paketi, sakanizani, yanikani pamthunzi kwa theka la ola, bzalani tsiku lomwelo m'dothi lachinyontho. Musasakanize ndi feteleza m'chidebe chimodzi, mchere wa feteleza umatipha. Ngati mbewu ndi yogula yopakidwa kale mankhwala, funsani kaye ngati mankhwalawo sapha tizilomboto.

Chaka choyamba yesani motere: mizere khumi ya mbewu yopaka, mizere khumi yosapaka, moyandikana, feteleza ndi manyowa ofanana, tsiku lobzala limodzi. Pokolola yezani pasikelo mbali iliyonse payokha. Maso amanyenga, makamaka ukakhala kuti wawonongapo ndalama.

Ena munamva za mwala wa fosifeti wa ku Tundulu ku Phalombe. Mwalawu ndi wolimba, susungunuka msanga ngati wa ku Minjingu ku Tanzania, ndipo ufa wake ukangomwazidwa m'munda chimanga sichipezapo zambiri chaka chimenecho. Ufa wotere umafunika kudutsa mu mulu wa kompositi, kuwaza pakati pa miyalo ya ndowe ndi mapesi, mulu uli wonyowa ndi kuutembenuza, kuti asidi wa tizilombo auyambe kuudya kwa miyezi iwiri kapena itatu usanapite kumunda.