Makalata a omvera: Ndikupeza bwino, ndibwererenji kuchipatala?

Kalata yoyamba yachokera kwa mayi amene apempha kuti tisawatchule dzina. Akuti: "Zaka zitatu zapitazo adokotala anamva kaphokoso mumtima mwanga, ndipo atandiunika anati ndili ndi mitral valve prolapse. Anandiuza kuti ndidzapitenso chaka chino. Koma sindimva kuwawa paliponse, ntchito ndikugwira bwinobwino. Kodi m'pofunikadi?"

Pitani mayi, chonde pitani. Valavu ya mitral ndi kachitseko kamapiko awiri kamene kali pakati pa zipinda ziwiri zakumanzere kwa mtima. Mwa inuyo, mtima ukamapopa magazi, mapikowo amatukumukira m'mbuyo. Pa anthu 100 alionse, awiri kapena atatu ali ndi vutoli, ndipo ambiri amakalamba nalo osadwala. Ndiye mantha ayi.

Chimene adokotala akulondalonda ndi magazi othawira m'mbuyo kachitsekoko kakapanda kutsekeka bwino. Akachuluka, mtima umakula mwakachetechete mwini wake akumva bwino, moti phuma likamayamba, nthawi zina umakhala utafooka kale. Chimene chimaona zimenezi msanga ndi echo, kuunika kuja kopaka mafuta ozizira pachifuwa, mtima n'kumaoneka ukugunda pakompyuta. Sikuwawa. Ngati magazi othawawo ali ochepa, echo imachitika pakatha zaka 3 mpaka 5. Akakhala ochulukirapo, chaka chimodzi kapena ziwiri. Akachuluka kwambiri, miyezi 6 mpaka 12. Pepala la echo yoyamba ija musalitaye, mukalitenge, chifukwa adokotala amayerekeza kukula kwa mtima ndi mmene unalili kale.

Koma musadikire tsiku lanu ngati mwayamba kubanika mukagona chagada, kutupa miyendo, mtima kugunda mosalongosoka, kukomoka, kapena kutentha thupi kosatha masiku angapo. Mawa lomwe kuchipatala.

Bambo wina amene ali ndi vuto lomweli akufunsa mwachidule: "Ndikufuna kukachotsa dzino. Ndiyambe ndamwa maantibayotiki?"

Kale ankatero bambo, koma mu 2007 bungwe la ku America loona za matenda a mtima, la American Heart Association, linasintha malangizo, ndipo vutoli palokha silifunanso zimenezo. Amamwa ndi anthu monga amene anaikidwa valavu yochita kupanga kapena anadwalapo matenda a endocarditis, aja a tizilombo tolowa m'kati mwa mtima. Komabe mukawauze adokotala a mano za mtima wanu asanayambe, ndipo mano muzitsuka kawiri patsiku, poti tizilomboto nthawi zambiri timalowera m'nkhama zodwala.